A Zacarias, Wotsogola M'njira Zakale

Nkhondo isanafike, a Zacarias Abrahamu anali mmisiri wa njinga ku Nsadzo. Anali munthu wanthabwala, wokonza tcheni uku akukunena kuti njinga yatopa ndi mimba yakoyo. Zinthu zitavuta anathawira ku Zambia monga tonsefe, koma anakafikako okha. Akazi awo, a Carolina, ndi ana awiri anatsala panjira, ndipo palibe amene anawafunsa zambiri.

Titabwerera mu 1994 anabwerera nafe. Ankadya akapatsidwa, ankayankha moni, Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni pansi pa mkuyu pomwe tinkapempherera. Sankaimba, sankalira, njinganso anasiya kukonza. Ukawayang'ana m'maso zinali ngati wasuzumira m'nyumba yoti eni ake anasamuka.

Vuto la masiku amenewo linali mina, mabomba aja anakwiriridwa m'njira pankhondo. Tchire linali litameza njira ya kuchitsime, ya kumanda ndi ya kumadimba, ndipo aliyense ankaopa kuponda poyamba. Tsiku lina a Zacarias anangonyamuka osauza munthu, n'kukabwera ndi madzi a kuchitsime chakale m'chigubu. Amayi anayamba kutunga akuponda momwe anaponda iwo. Pambuyo pake a Zacarias anatsegula njira ya kumanda. Ntchito yawo inakhala imeneyo: wofuna munda wake wakale ankapita kwa a Zacarias, iwo osakana, osalandira ngakhale dzira.

Anthu anayamba kuwatama. Katekista wathu, a Silvestre, mpaka anawatchula mu ulaliki kuti taonani chikhulupiriro chosaopa imfa. Ine zimenezo zinkandinyansa. Chikhulupiriro chanji? Munthuyo ankafuna mina imupeze, anthu n'kumaomba m'manja. Ndinawauza eni akewo kuti aleke. Anangoti, "Ndamva, a Barnaba," mawa lake n'kulowanso kutchire.

Mvula itayandikira, mpingo unakambirana zobwerera kukapela yathu yakale, tsidya la mtsinje, komwe makoma anali chilili, kungosowa denga. Koma asilikali anakhalitsa pamalopo, ndipo mbuzi ya a Celso, mnzathu wa mumpingo, inali itaphulika kale cha komweko. Pamenepo a Zacarias anati, "Ndikayendako mawa." Ananena ngati munthu wopita kukamweta udzu. Ambiri anaweramitsa mitu, mitima itakhala pansi.

Amene anaimirira ndi mayi Idesi, ogulitsa zitumbuwa kumalire ku Cassacatiza, mayi wopanda manyazi pakamwa.

"Pitani, bambo," anatero. "Nafenso tikupita. Kapelayo ndi yanu nokha?"

Ena anaseka poganiza kuti ndi macheza. Koma madzulo ake mayiwo anayenda khomo ndi khomo, ndipo amene ankazengereza anamufunsa ngati mgonero amadya yekha kuseri kwa nyumba.

M'mawa a Zacarias atawoloka mtsinje anacheuka n'kutipeza tili pambuyo pawo, akuluakulu a mpingo wonse. Panalibe nyimbo. Anatiyang'ana ngati akuyang'ana zitsa, n'kulowa mu udzu. Mayi Idesi analowa pambuyo pawo, pafupi moti akanatha kuwagwira malaya. Anatsatira a Silvestre, kenako ine. Ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo ngakhale pothawa nkhondo.

Tisanapite patali, a Zacarias anaima.

"Bwererani, mayi. Muli ndi ana inu."

"Ana ndawasiya kwa mnzanga Lídia. Yendani, dzuwa likukwera."

"Mwayandikira kwambiri. Ikaphulika itenga tonse."

"Ndiye tiime patali kuti itenge inu nokha, ife tidzalowe m'kapela kukaimba aleluya? Iyayi, bambo. Kali kokha n'kanyama. Tiyeni."

A Zacarias anakweza phazi. Linakhala m'malere, osatsika. Kuchokera pomwe ndinaima ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo. Anayang'ana udzu wa kutsogolo, anayang'ana mzere wa anthu mpaka kumtsinje, kenako anabweza phazilo pomwe linali.

"Ndikuopa," anatero motsitsa, ngati akudabwa nawo mawuwo.

"Basi," anayankha mayi Idesi. "Tikanyowera limodzi pamkuyu paja mpaka abwere ochotsa mina. Mulungu sadana ndi mvula."

Tinatembenuka pang'onopang'ono. Kapela sitinaione n'komwe tsiku limenelo. Tinabwerera aliyense akufunafuna pomwe anaponda popita, a Zacarias ali kumapeto kwa mzere. A Silvestre atangoterereka pang'ono, kumbuyoko kunamveka mawu osasa, aukali, onjenjemera:

"Yang'anani pansi, anthu inu! Mukufuna kundifera?"