Tsiku Limene Ndinadetsa Imvi za Asekuru

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ankhazi, alongo awo a adada, anandipatsa mswachi wakutha ndi kasosa ka dayi wakuda kuti ndidetse imvi za asekuru. Tinkakhala pa Mzimba boma, ndipo asekuruwo, bambo awo a adada, anali atabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Chikangawa komwe anacheka matabwa moyo wawo wonse. Impso zawo zinali zitatopa. Mapazi ankatupa moti nsapato ankangozipondera kuchidendene.

Mawa lake kunkabwera dokotala wa impso wochokera ku Lilongwe, kudzaona ngati asekuru angapirire opaleshoni ya kunja yowaika impso ina. Wopereka impsoyo anali adada. Ankhazi anamva kutchalitchi kuti okalamba amawabweza, ndiye anati tiwachotsereko zaka. Anandichenjezanso kuti za kugwa kwa asekuru kubafa ndisayerekeze kuzitchula, chonsecho kawiri konse wowadzutsa ndinali ine.

Kunena zoona, mantha ndinalibe, ndinali ndi mafunso basi. Ndinali nditapita kale kumsika kwa ogulitsa nyama ya mbuzi kukaona impso, tinthu tiwiri tonga nyemba zazikulu. Nanga impso ya mwana ikalowa mwa bambo wake, imakalamba pompo? Ndinkalingalira zimenezi uku ndikupaka dayi wonunkha uja, asekuru maso ali pansi.

Kuchipatala ndodo yawo anandigwiritsa ine, kuti iwo alowe ngati mnyamata. Dokotalayo anali mayi wamfupi, ndipo tsitsi lomwe ndinavutika nalo lija sanaliyang'ane n'komwe. Anawauza asekuru kuti afinye dzanja lake. Kenako anati adzuke pampando kasanu osagwira paliponse. Ine kudabwa, mpando ndi impso zikugwirizana pati? Kachitatu asekuru anagwira tebulo, thukuta lakuda likutsikira pakolala ya malaya awo oyera.

Dokotala anatembenukira kwa ine. “Ndodo imeneyo yakutalikira, si yako. Agogo akowa anagwapo?”

Ankhazi ananditong'olera maso. Ndinayang'ana adada, ndinayang'ana kolala ija, pakamwa panga n'kutuluka mawu amodzi: “Kawiri.”

“Bambo, ine sindikuwerenga zaka zanu,” dokotala anawauza asekuru mofatsa. “Ndikuona ngati thupi lingadzuke likachoka pa mpeni, n'kupiriranso mankhwala ofooketsa chitetezo amene mungamamwe moyo wonse. Lanuli silingathe. Tikhoza kucheka anthu awiri n'kubwerako ndi maliro. Tikusamalirani ndi mankhwala konkuno.”

Ankhazi anatha sabata osandiyankhula. Koma tsiku lomwelo, tikudutsa padepoti, asekuru anatenga ndodo yawo, nandigulira nzimbe, n'kundinong'oneza kuti, “Yewo chomene, mzukulu. Ine mwana wanga ndimalephera kumukanira. Mbwenu wakana m'malo mwanga ndiwe.”

Anakhala nafe zaka ziwiri, n'kutisiya. Kwa nthawi yaitali ndinkadziimba mlandu, ndipo zinkandiwawa kwambiri. Ndazindikira ndili wamkulu kuti tonse m'nyumba muja tinkafunsana mmene tingawapititsire kunja, koma panalibe anawafunsa eni ake ngati akufuna kupita.

Lero adada afika pa msinkhu wa asekuru, impso zawo zonse ziwiri zili m'malo. Mwezi watha ndinawaperekeza kuchipatala. Ndodo anagwira okha, imvi zili mbuu, ndipo tisanalowe ndinayamba ndawafunsa chimene iwo akufuna.