Makotabeki Akale Sankathawa

Mpira wa ku Amerika sindinaukondepo, ndipo lero ukangooneka pa kanema ndimatuluka panja. Koma chaka cha kolona ndinauloweza ngati katekisimu, chifukwa abwana anga analibe wina wocheza naye.

Anali mzungu wachikulire, mwini kakampani kokonza makina oziziritsa m'nyumba, ine dalaivala wawo. Viza yanga inali m'dzina la kampaniyo, ndiye kampani kugwa, ine ulendo wa kumudzi. Matenda atatsekera anthu m'nyumba, galimoto inangokhala pansi pa nyumba yosanja yomwe abwana ankakhala ku Onaiza, mumzinda wa Doha. Ntchito yanga inasanduka kukwera ndi zogula, kukhala pampando wapatali nditavala masiki, n'kumaonera nawo masewera omwe anasunga.

Mpira wake wonga papaya, osewera ake ovala zipewa zachitsulo ngati akulowa mumgodi. Pali mmodzi amamutcha kotabeki. Ndiye amalandira mpira n'kuuponyera anzake kutsogolo, uku zimphona zikuthamanga kudzamugwetsa. Abwana ankaika wakale, kenako wamakono, n'kunditembenukira ngati ndine woweruza.

"Taona wakaleyu," ankatero. "Akuwaona akubwera kudzamuphwanya, koma waima nji. Adikira mnzake afike pamalo, aponya, kenako agwa. Tsono taona kamnyamata ka leroka. Kangomva mtswatswa kumbuyo, kaliyatsa liwiro mpira uli m'khwapa."

"Koma kothawako kagoletsa, bwana," ndinayankha tsiku lina.

"Kagoletsa lero. Bondo likadzatha adzakataya. Iwe ndiwe wakale, ndimakuona ine."

Mawu amenewo anandikoma, sindikana. Ndinatsika nawo masitepe ndikumwetulira m'kati mwa masiki.

Ndinkagona ku Al Muntazah, chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Chipata wogwira ntchito kuhotela, yemwe ankanditcha amalume. Lamulo la ntchito litasintha, anabwera akupuma mothamanga.

"Amalume, kuhotela kwathu akufuna dalaivala. Ndakutchulani kale. Masiku ano sipafunikanso chilolezo cha abwana kuti musinthe ntchito, mungopereka notisi pafoni, khalasi, zatha basi. Kampani yanuyo ikufa, aliyense akudziwa."

Sankanama. Amisiri athu anali atayamba kale kuchoka mmodzimmodzi. Koma sabata yomweyo abwana anayamba kutsokomola, ambulansi inawatenga, ndipo kuchipatala sankalola munthu kukaona wodwala.

Kwathu ku Dowa ngakhale mlendo wongomwa madzi amatsanzika. Wochoka mwakachetechete ndi mbala. Nanga ine, munthu anandisunga zaka zonsezo, ndimutsanzike ndi chala pafoni iye akupumira m'makina? Ndinauza mnyamata uja kuti adikire, abwana atuluke, ndiwathokoze pamaso, ndiye ndibwere. Ndinamufotokozeranso za makotabeki, kuti akale ankaima mpaka mnzawo afike.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Wakaleyo akagwa amabwera ndi machira kudzamunyamula. Inu adzakunyamulani ndani kuno?"

Ndinamukalipira kuti alibe mwambo, ana a masiku ano. Iye anangonyamuka n'kupita kukasamba.

Kudikira kumeneko sindikufunira ngakhale mdani wanga. Foni ya abwana inali yozima. Wosunga ofesi ndikamufunsa ankangoti inshallah, Mulungu akalola, n'kudula foni. M'mawa uliwonse ndinkapita ku Onaiza kukapukuta galimoto yosayenda, fumbi n'kubwereranso ndisanachoke. Mayi a kunyumba akaimba kuchokera ku Dowa ndinkati zonse zili bwino, iwo n'kumandiuza kuti mwana wathu wamkulu akuwerenga zolimba, mayeso a Fomu 4 ayandikira, akufuna za unamwino. Ndinkangovomera kuti eya, eya. Chakudya chinaleka kulowa. Ndinkaopa, abale, mantha enieni. Ndinkapemphera kuti mzunguyo achire, ndipo sindidziwa ngati ndinkapempherera iye kapena viza yanga.

"Yala, fulumirani amalume, anthu ali pamzere," mnyamata uja ankatero akamavala yunifomu. Kenako analeka kunena. Tsiku lina anangoti, osandiyang'ana, malo aja apatsa wina.

Ndinati palibe kanthu, abwana akatuluka tiona chochita. Ndinalibenso china chogwira.

M'mawa wina ndikupukuta galimoto, mlonda wa nyumbayo, bambo wa ku Mangochi amene tinkapatsana moni masiku onse, anabwera manja ali kumbuyo.

"Achimwene, simunamve? Akuluwo anachira. Mwana wawo wamkazi anabwera, anawatenga kuchipatala, dzulo anakwera ndege. Katundu atumiza pambuyo. Kampani akutseka."

Ndinakhala pansi pa simenti, nsanza ili m'manja. Ndinaganiza za hotela ija, za mwana wanga ndi mabuku ake, za madalaivala odzaza Doha yense akusaka ntchito, ambiri ang'onoang'ono kwa ine, odziwa kutransifa ntchito pafoni asanatsuke m'kamwa. Masiku otsatira ndinadzagogoda paliponse mpaka nsapato kutha, ndipo paliponse anati tadzaza. Koma pa simenti paja ndinali ndisanafike poganiza zogogoda. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha.

"Sanasiye mawu?" ndinafunsa. "Anadutsa pano kudzatenga pasipoti, si choncho? Sananene kanthu za ine?"

Mlonda anayang'ana kumbali, nakanda m'khosi.

"Ananena. Anati makiyi a galimoto muwasiye kwa ine."

Ndinawatulutsa m'thumba n'kuwapereka ndi manja awiri, mwa chizolowezi. Ndinapinda nsanza ija bwinobwino n'kuiika pa boneti. Ndiye poti panalibenso wina womuuza, ndinauza mlondayo mawu amene ndinawasunga nthawi yonseyo: zikomo pondisunga, ine ndapita, tsalani bwino.