Msoti wa ku Ruaka

Ndinanyamuka ku Syokimau Loweruka m'mawa pa sitima ya mashilingi 100, mutu uli waukulu. Tadala, mwana wa achemwali anga, ankafuna kukwatiwa ndi Mwangi, mnyamata wa ku Kenya konkuno woonetsa mafilimu m'kaholo ka ku Ruaka. Ine monga malume wake ndinali wokonzeka kukhala nkhoswe, koma mayi ake anali atakana kwamtuwagalu. "Mwana wa digiri, wokulira kumayadi ku Spring Valley? Amalawi anzathu kutchalitchi atiseka!"

Chomwe anavomera n'chimodzi: kukaonera filimu yakale ya ku China imene Tadala anatiitanira.

Tinakumana ndi achemwali m'tauni cha m'ma 11 koloko. Woyendetsa galimoto yawo anali pa tchuthi, ndiye tinakwera matatu, minibasi ya kuno. Kondakitala anamenya chitseko akukuwa kuti "Ruaka mia!", kutanthauza mashilingi 100, ndipo achemwali anakumbatira chikwama ngati khanda. Mayi wina anawaikira thumba la kabichi pamiyendo n'kupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mama." Ndinaseka chamumtima.

Pa msewu wa Limuru galimoto zinathithikana. Ndinagula chimanga chootcha chopaka ndimu ndi tsabola. Achemwali anakana, koma tisanafike anali atamaliza changa.

Kaholoko kanali pamwamba pa sitolo ya matayala. Mwangi anatilandira n'kunjuta pang'ono monga anamuphunzitsira Tadala. "Mwadzuka bwanji, amayi?" Dzuwa linali pamutu. Achemwali anangoti, "Tadzuka."

Filimuyo inali yopanda mitundu, ya m'Chimandarini, mawu a Chingerezi akudutsa pansi. Mtsikana wa m'banja lolemera anakonda mmisiri wa nsapato. Mayi ake, poopa pakamwa pa anthu, anamukwatitsa kwa bwana wa m'boma. Ukwati unali wa dzaoneni, mudzi wonse unayamikira. Kumapeto, mayi uja atakalamba anaima pachipata. Mwana wake anadutsa pa ngolo, atavala silika, anawerama mwaulemu monga amachitira kwa mlendo, n'kupitirira. Anthu oyamikira aja panalibe ndi mmodzi yemwe.

Chapakati filimu inaima. Mwangi anathamangira ku makina, ndipo Tadala anamuunikira ndi foni, akumupukuta thukuta ndi mpango. Achemwali sankayang'ana chinsalu, ankayang'ana awiriwo. Ndinawamvera chisoni, chifukwa nawonso mwanayo amamukonda, kungoti mantha ndi amene anawakulira.

Tinatuluka. Ine ndinatseka pakamwa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinayenda mpaka pamsika, pomwe achemwali anaima mwadzidzidzi.

"Achimwene, mayi wa mufilimu uja mwana wake sanamutchule n'komwe kuti amayi."

"Sanatero."

Anapukuta m'maso ndi chala. Kwathu pa chinkhoswe akuchimuna amabweretsa tambala, akuchikazi msoti, n'kusinthana. Achemwali analoza khola la nkhuku lomwe linali pafupi.

"Tafunsani msoti uwo akugulitsa bwanji. Ndipo mnyamatayo mumuuze kuti tambala akhale wachikuda, osati woyera wa m'sitolo."

Pobwerera pa matatu ndinanyamula ndine msotiwo, ukundijompha dzanja njira yonse. Ndakhala ndikuyankhula pa zinkhoswe zambiri, koma tsiku limenelo ntchito yanga yonse inali kukhala chete ndi kugwira nkhuku.