Mng'alu Pansi pa Makala

Ndinapita ku Dublin kukaphunzira nthawi imene chuma cha Ireland chinali chitagwa. Sikolashipu inkathera pa lendi ya kachipinda ku Rathmines, ndipo kulikonse kumene ndinkapempha ganyu ankandiuza kuti iwo omwe akuchotsa anthu. Amene anandithandiza ndi a Tembo, bambo a ku Chipata omwe tinkapemphera nawo. Iwo ankatsuka mawindo a mashopu.

"Mphwanga, paja unati atate ako ni akalipentala?" anandifunsa tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi. "Kuli mudala wina afuna munthu wodziwa sandipepala. Koma ni za fodya, usakauze abusa."

Mdalayo anali a Declan. Anali ndi kashopu kogulitsa ndi kukonza akaliwo osutira fodya, ndipo manja awo anali atayamba kunjenjemera. Ine sindisuta, koma anati zimenezo zilibe kanthu bola ndisaope fungo.

Akaliwo atsopano sankayenda malonda. Anthu ankafukula akale m'madirowa n'kubwera nawo kuti tiwakonze. Ndinkachotsa choyamwira, n'kupala mwaye wouma wa m'chikho choikamo fodya ndi kampeni kobuntha. Kenako ndinkadzaza mchere m'chikhomo, kudonthezera sipiriti, n'kusiya kuti utsope fungo lakale. M'mawa mwake ndinkakulunga sandipepala pa kamtengo n'kusalaza m'kati mpaka thabwa lionekere. Chomaliza chinali kupaka: makala osinja bwino osakaniza ndi uchi pang'ono ndi madzi, kupaka ndi kaburashi mopyapyala, n'kuimika kaliwoyo pashelefu kuti aume.

Kupakako ndiye kunali mkangano wa tsiku ndi tsiku. A Declan ankati makala amateteza thabwa latsopano kuti lisapse ndi moto woyamba. Makasitomala ena ankavomereza. Ena ankati makalawo amawawitsa fodya, komanso kuti opanga akaliwo amapaka pofuna kubisa zilema za thabwa. Amuna oti ntchito zawathera ankatha masana onse ataima pakauntala kulimbana za nkhaniyi, osagula ngakhale machesi.

Tsiku lovuta linafika a Declan atapita kuchipatala kukaonetsa manja awo. Kunabwera a Brendan, omwe kale ankayendetsa makina okwezera katundu pa ntchito zomanga ku Coolock. Anali atadikira nthawi yaitali kuti agule kaliwo wina wamtengo wapatali amene anali pawindo, ndipo tsikulo anabwera atatsimikiza. Mwezi umenewo tinali tisanagulitse chinthu chachikulu, ndipo a Declan anali atanena kale kuti zikapitirira chonchi atseka.

"Ndimutenga," anatero a Brendan, "koma uchotse zakudazo. Ndikufuna kumva fodya, osati makala."

Zinali zololedwa kasitomala akapempha. Ndinapita kuseri n'kuyamba kupala. Makala atachoka, ndinaunika ndi katochi ndipo ndinaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wochokera pansi pa chikho kukwera chakumbali. Ndinayendetsapo nsonga ya singano, inakodwa. Unali mng'alu weniweni. Kaliwo wotere akhoza kukhala zaka zambiri, akhozanso kubooka moto ukangolowa m'mng'alumo.

Mbale ya makala inali pomwepo, yosakaniza kale. Ndikanatha kupakanso n'kuwauza kuti makala a ku fakitale akukanika kuchoka. Ndinaganiza za lendi, ndinaganizanso za manja a a Declan. Kenako ndinatuluka ndi kaliwoyo n'kuwapatsa a Brendan pamodzi ndi katochi.

Anasuzumira nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti afuula kuti paja ankanena iwo kuti makala amabisa zilema, koma anangoika kaliwoyo pakauntala mosamala.

"Zikomo, mwana wanga," anatero, n'kutuluka osagula kanthu.

A Declan atabwera ndinawafotokozera zonse. Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu.

"Ukudziwa kuti pofika mawa aliyense akhala atamva kuti ndimagulitsa zobisa?"

"Koma si inu munapaka, bwana. Anabwera choncho."

"Ndani akafunse zimenezo?"

Anandiuza kuti ndiweruke. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikudziwa kuti ntchito yatha, ndipo sindinauze aliyense, ngakhale a Tembo.

M'mawa ndinapitabe kuti ndikatenge juzi yanga. Ndinapeza akaliwo onse atsopano atachotsedwa pawindo, atandandalikidwa pabenchi yanga, pambali pali sandipepala watsopano.

"Pala onse," anatero a Declan osandiyang'ana. "Ndikufuna ndione zimene ndakhala ndikugulitsa."

Tinapala sabata yonse. Ambiri anali abwinobwino, ochepa anali ndi tizilema, ndipo amenewo anawatsitsa mtengo n'kumauza wogula chifukwa chake. Maganizo awo pa makala sanasinthe ngakhale pang'ono. Ankapakabe, ankakanganabe. Chimene chinasintha n'choti kasitomala ankayamba waona thabwa losapaka ndi katochi, kenako n'kusankha yekha ngati akufuna makala kapena ayi.

A Brendan anafalitsadi nkhaniyo monga a Declan ankaopera, ndipo ena anasiya kubwera. A Brendan eniwo anabweranso patapita miyezi, n'kugula kaliwo wotchipa wosapaka. Shopuyo sinapulumuke. Inatsekedwa ndisanamalize maphunziro, ndipo pamalopo panakhala popanda kanthu nthawi yaitali.

Mpaka lero sindidziwa ngati makala amathandiza kapena ayi, chifukwa sindinasutepo. Panopa ndimagwira ntchito yoyendera nyumba zimene zikumangidwa. Omanga amadandaula kuti ndimafika molawirira, pulasitala asanamate. Ndimangowauza kuti adikire kaye, ndione khoma lisanavale.