Make Mapasa ndi Zala Zake za Chinanazi

Mpongozi wanga amagulitsa zipatso pakona ya msewu wopita kokwerera mabasi. Ali ndi tebulo la matabwa, ambulera yaikulu imene inatuwa ndi dzuwa, ndi mpeni umene salola munthu wina kuugwira. Amasenda chinanazi, mavwende ndi mapapaya, kuduladula, n'kumanga m'timapepala ta pulasitiki. Onse pamenepo, kuyambira makondakitala mpaka osesa mumsewu, amamutcha Make Mapasa, poti ndiye anandiberekera adzukulu awiri tsiku limodzi. Anawo anakulira pansi pa tebulo lomwelo, m'katoni ya nthochi, ndipo lero ali ku sekondale. Wina akamanyoza kuti mwana wanga anakwatira wogulitsa mumsewu, ndimamuuza kuti adzaone kaye mmene mayiyu amasendera chinanazi osataya mnofu, kenako akayang'ane zimene manja akewo amatha.

Chaka chatha anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, masiketi n'kumamukulira. Kuchipatala anamupeza ndi matenda a shuga, namupatsa mapiritsi. Mwamuna wake, mwana wanga wachisamba amene ndi makanika, anamugulira kamakina koyezera shuga. N'kakang'ono ngati foni yakale. Umalowetsamo kapepala kake, kubaya chala ndi kasingano, kugunditsa dontho la magazi pakapepalapo, ndiye nambala imatuluka. Anesi anamuuza nambala imene ili bwino, imene yakwera, ndi imene yatsika moti munthu angagwe.

Make Mapasa sachita zinthu mwachibwana. M'mawa akangosamba ankayeza kunyumba, nambala n'kukhala yabwino. Masana ankayezanso patebulo lake, ndipo pamenepo nambala inkakwera mochititsa mantha. Anasiya tiyi wa shuga, sizinasinthe. Anachepetsa chakudya cham'mawa, sizinasinthe. Kenako anasiyiratu kudya masana, koma mapiritsi ankamwabe mokhulupirika.

Tsiku lina madzulo ndinawapeza akukangana pakhonde.

"Make Mapasa, nenani zoona. Mumalawa zipatso zija," anatero mwana wanga.

"Ndilawe chifukwa chiyani? Inu mumamwa oyilo wa galimoto poti mumamugwira?"

"Oyilo sanunkhira ngati chinanazi."

"Kwa inu amanunkhira. Malaya anu ndimachapa ndine."

Mwana wanga anaseka pang'ono, koma nkhope inali yolemera. Anati kaya amalawa kaya salawa, ntchito imeneyo ndi imene ikumudwalitsa, ndipo iye sakufuna kulera mapasa yekha. Tebulo alisiyire msuweni wake, iyeyo azikhala pakhomo. Mpongozi wanga anavomera monyinyirika. Tebulo limenelo analiyamba ndi dengu limodzi asanakwatiwe. Ine ndinkadziwa kuti akamukhazika pakhomo adzafota ngati duwa lothyola, koma ndikanati chiyani? Nanenso nambala zija ndinkaziona ndi maso angawa.

Loweruka lomaliza ndinapita naye kuti ndikamuthandize kulongedza. Anagwira ntchito ngati masiku onse, kuseka ndi makasitomala, osauza aliyense kuti akuchoka. Dzuwa litafika paliwombo ndinaona mpeni ukunjenjemera m'dzanja lake. Thukuta linali kamukamu pamphumi.

"Mwanangu, khalani pansi."

"Ndiyeze kaye, amayi."

Anapukuta chala pa epuloni monga ankachitira nthawi zonse, n'kubaya. Nambala inatuluka yokwera.

"Akuti wakwera, koma ine miyendo yangozizira, ndipo njala ikundipha," anatero ndi mawu otsika. "Kaya n'chakufa chinthuchi."

Anatenga kapepala kena kuti ayezenso, koma kanamatirira kuchala. Anakakutumula, sikanagwe. Anayang'ana chala chija, anachigunditsa ndi chinzake, zala n'kumatana ndi madzi a chinanazi.

"Amayi, tandithirani madzi anu akumwawo m'manja."

Ndinamuthira botolo lonse. Anasamba bwinobwino, kupukuta ndi mpango wanga woyera, n'kubaya chala china. Nambala inatuluka yotsika, kutsika kuposa ija anesi anati munthu angagwe nayo.

Sindinadikire kuuzidwa. Ndinang'amba kapepala ka chinanazi n'kumuika chidutswa m'kamwa ngati mwana. Anadya zidutswa zingapo, kenako ndinaitana mayi wogulitsa buledi pafupipo kuti abwere naye. Pang'onopang'ono kunjenjemera kunaleka, maso anabwerera m'malo.

"Chinanazi changa chomwe chikukoma chonchi," anatero akutafuna, "ndiye n'chifukwa chake anthu sandisiya."

Lolemba tinapita kuchipatala tonse atatu. Mwana wanga anatseka galaja, anabwera ndi ovolosi yake yomwe. Make Mapasa anafotokoza zonse, anesi n'kugwira pakamwa.

"Mayi, masana onsewa mumayeza chinanazi, osati magazi. Shuga wa pachala amasakanikirana ndi dontho lija, makina n'kuwerenga zonse pamodzi. Musanabaye muzisamba ndi sopo, n'kuumitsa bwino. Ndipo kumwa mapiritsi awa osadya n'koopsa. Mukanatha kukomoka pamsewu pomwepo."

Anamulongosoleranso kadyedwe, kuti zipatso azidya ndithu koma pang'ono, osadumpha chakudya. Mwana wanga anafunsa mwaulemu ngati ntchito ya zipatso ili yoyenera munthu wa shuga.

"Bambo, ntchito ilibe mlandu. Apatseni madzi ndi sopo basi."

Panjira pobwerera Make Mapasa anayang'ana mwamuna wake cham'mbali.

"Ndimalawa, eti?"

"Ndinalakwa, Make Mapasa."

"Mukweze mawu, amayi sanamve."

"Ndamva," ndinatero ine, "koma abwereze."

Sabata yomweyo anawotcherera zitsulo kugalaja n'kupanga choikapo ndowa ya mpopi, chokhala ndi kambale ka sopo ndi pokolekapo kansalu. Anachinyamula yekha paphewa mpaka pakona paja. Makondakitala tsopano amabwera kudzasambapo m'manja, ndipo Make Mapasa amawalola akayamba agula.

Matendawo sanathe. Masiku ena nambala imakweradi ngakhale zala zili zoyera, ndipo iye amadziwa kuti tsikulo ayenera kusamala, zikapitirira apite kwa anesi. Koma thupi labwerera, masiketi akumukwananso. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha anesi aja, ndi chifukwa cha mwana wanga amene amadziwa kupepesa. Koposa ndimathokoza kuti anandipatsa mpongozi amene, miyendo ikumuzizira chomwecho, anayezanso kachiwiri. Msuweni uja anakapeza malo ake kutsidya kwa msewu, akugulitsa mazira owiritsa. Pakona paja mudzapeza Make Mapasa kuyambira m'mawa, ndipo mukadutsa masana n'kumuona akusamba m'manja, dikirani pang'ono, musamufulumize.