Chigafa cha a Mphepo

Amuna anga, a Mphepo, si aulesi ayi, ndisawanamizire. Tidachokera ku Phalombe kudzalowa utenanti pa esiteti ina ku Njombwa, ndipo fodya wa bale yemwe ankalima ankaoneka ndi wodutsa pamsewu yemwe. Vuto lawo ndi makani. Akati ichi ndi chakuda, ngakhale uwaonetse ufa woyera, ndi chakuda basi.

Titasiya utenanti n'kubwereka kamunda kathukathu, dzina lathu lidatuluka koyamba pa makuponi a feteleza. Ndidavina ine! Ndidati chaka chino fodya ndi wathu, palibe bwana wodzatidyera.

Tsoka lidalowera pa golosale ya a Sufiyan. A Sufiyanwo adawagulitsa amuna anga foni yakale, m'kati mwake muli gemu ya tizilombo tomenyana. Kena n'kamoto, kena kamadzi, kena kaudzu. A Mphepo adasankha kamoto, n'kumakalera ngati mwana. Kadagwetsa adani onse mpaka kadakumana ndi chinkhanu chamadzi. Apo ndiye padaima nkhani.

A Sufiyan adawalangiza ine ndili pomwepo ndikugula mchere. "Achimwene, moto umatha udzu, madzi amazimitsa moto, koma madziwo amagonja kwa udzu. Tengani kaudzu."

"Udzu?" adatero amuna anga. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupalira udzu, lero ndiulere? Ndiwonjezera moto."

Adawonjezeradi. Chinkhanu chikangolavula kamodzi, kamoto kaja thapsa! Iwo n'kuyambiranso, lilime lili panja.

Nthawi imeneyo n'kuti anzathu akumweta udzu kudambo. Denga la chigafa chathu chowumitsira fodya lidali litafumbwa, ukaima m'kati n'kumaona mitambo. Ndidalankhula mpaka kukhosi kuuma.

"Bambo, udzu ukutha kudambo."

"Mawa, mayi. Chatsala pang'ono kugwa ichi."

Mawa, mawa, mpaka osaka mbewa adatentha dambo lonse. Ndidapita ndekha ndi chikwakwa, ndidangopeza phulusa. Amuna anga adati tiyalapo pulasitiki. Mphepo yoyamba ya mvula idaing'amba pakati.

Koma fodya ndiye adabereka, abale inu, feteleza uja sadapite pachabe. Masamba ngati a nthochi. Tidathyola, tidasoka, tidapachika chigafa mpaka kudzaza. Kenaka idabwera mvula ya February, yosakata sabata yathunthu. Ndidayala matumba padenga, ndidayala ndi chitenje changa chomwe. Ntchito yachabe. Masamba adayamba kuda, ukawagwira n'kumatsalira m'manja, fungo lake ngati ndiwo zogona. Mtima udandiwawa kuposa tsiku lomwe bwana adatibera pa sikelo, chifukwa fodya uyu adali wathu.

Tsiku limenelo ndili m'chigafa kuchotsa owola, ndidamva munthu akuthamanga m'matope. A Mphepo, foni ili m'mwamba, mano onse pamtunda.

"Fainala, mkazi wanga! Chinkhanu chagwa! Ndatenga kaudzu kaja, kungomenya kawiri basi. A Sufiyan sankanama, udzu umathadi madzi!"

Ndidangowagwira dzanja n'kuwaimika pakati pa chigafa. Dontho lidawagwera pamphumi, lina pafoni. Adayang'ana fodya, adayang'ana kudenga, kuseka kuja kudazima.

"Mwadziwa liti zimenezo, bambo?" ndidawafunsa. "Ine ndidakuuzani dambo lisanapse."