Rauta ndinaiika kudenga chifukwa cha manyazi

Inu owerenga, manyazi anga anatayitsa msuweni wanga mwayi wa ntchito, ndipo mpaka lero mtima sukhazikika ndikamuona.

Nditamaliza Fomu 4 kwathu ku Thambani, azakhali ananditenga kukakhala nawo ku Mwanza, pafupi ndi malire. Nyumba yawo ndi yaitali, ya makoma okhuthala. Kabokosi kogawa intaneti, kamene timati rauta, kankakhala pabalaza, moti kuzipinda netiweki sinkafika. Mwana wawo Tiyamike, yemwe ankafunafuna ntchito ya unamwino, ankadandaula tsiku ndi tsiku. Poti ndinkadziwako za mafoni, azakhali anagula rauta yamphamvu n'kundiuza kuti ndiike poti ifikire nyumba yonse.

Ndinayenda ndi foni chipinda ndi chipinda. Malo abwino anali pakati pa nyumba, ndipo pakati pa nyumbayo ndi kuchipinda kwa azakhali ndi amuna awo. Kwathu mnyamata wamkulu salowa kuchipinda kwa makolo, ngakhale kutchula za kumeneko ndinkaona ngati mwano. Ndiye ndinakwera pa mpando m'kolido, n'kutsegula kachitseko ka siling'i, n'kuika rautayo kudenga, pansi penipeni pa malata. Chingwe cha magetsi ndinachidutsitsa bwinobwino m'mbali mwa khoma.

Inali nthawi yozizira, ndipo zinayenda. Netiweki inkafika mpaka kukhitchini. Azakhali anandiyamikira pamaso pa alendo, Tiyamike n'kumandiseka kuti, "Amuna anga a ku Thambani, kani ndinu injiniya?" Ndinkangoyang'ana pansi, koma mumtima ndinkakondwa.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, intaneti inayamba kuduka masana alionse. Tsiku lina ndinakwera kukaikhudza rauta ija, inali yotentha ngati simbi. Ndinadziwa vuto. Ndinatsika, ndinazungulira nyumba kawiri ndikukonza mawu oti ndiwauze azakhali, koma nditafika pamaso pawo ndinangoti ndi mavuto a netiweki. Ndinkaopa kuti aona ngati anandiyamikira pachabe. Masabata awiri ndinkadya mosakoma, maso ali kudenga.

Kenako chipatala china cha ku Blantyre chinaitana Tiyamike kuti chimufunse mafunso a ntchito pa vidiyo, nthawi ya 1 koloko masana. M'mawa wa tsiku la mafunsolo anandifunsa ngati zonse zili bwino. Ndinati inde.

Nthawi itakwana, Tiyamike anangoyankha funso limodzi, chithunzi n'kuima. Rauta inali itapsa. Anathamangira panja ndi foni, koma kuno kumalire foni imathawira ku netiweki ya ku Mozambique. Pomwe ankaibweza n'kulumikizanso, n'kuti achipatala atadutsa kale kwa munthu wina. Sanamuitanenso.

Madzulo ndinagwada n'kuulula zonse. Azakhali sanakalipe. Anangoti, "Mwana wa achimwene, ukanandipatsa ine, bwenzi nditakaiika ndekha pamwamba pa wadirobu. Chovuta chinali chiyani?" Tiyamike anasiya kundiseka kuyambira tsiku limenelo. Amandipatsa moni ngati mlendo.

Anzanga, rauta musamaiike pansi pa malata, imafuna mpweya. Koma chachikulu, ngati mwambo sukulolani kulowa penapake, pemphani mwini wake achite yekha. Ndipo mukaona kuti zomwe munakonza zayamba kuvuta, nenani tsiku lomwelo, mudakali ndi manyazi anuwo, wina asanaike tsogolo lake pa inde wanu.